Konkire, paipi yachitsulo kapena kontena: mumangire chiyani chipinda cha pansi pa nthaka?

Aliyense amene anaonapo chimbudzi chokumba chitatitimira mu Febuluwale akudziwa kale theka la nkhani yomanga pansi pa nthaka. Dothi lomwe linali gwa! ngati mwala mu Okutobala limasanduka phala mvula ikakhazikika, ndipo limakankha chilichonse chimene mwalikwiririra. Anthu akamakamba za bunker, chipinda chobisalamo cha pansi pa nthaka, maganizo amathamangira ku mabomba ndi mphepo yamkuntho. Komatu bomba mwina silidzagwa mpaka inu kukalamba, pomwe dothi ndi madzi zimayamba kulimbana ndi chipindacho tsiku lomwe mwachikwirira, usana ndi usiku, osapumira. Chomangira chilichonse chiyesedwe kaye pa ziwirizi.

Tiyambe ndi masamu ochepa, chifukwa ndi amene adule mlandu wonse. Dothi lachinyontho lodzaza kiyubiki mita imodzi limalemera matani pafupifupi 1.8. Madzi odzaza malo omwewo ndi tani imodzi, konkire ndi matani 2.4. Ndiye mukathira dothi lokwera mita imodzi pamwamba pa denga, sikweya mita iliyonse ya dengalo yasenza matani pafupifupi awiri, galimoto isanapondepo. M'mbali namonso dothi limakankha, ndipo mphamvu yake imakula mukamatsika. Madzi akadzaza m'nthaka, pa kuya kwa mamita awiri ndi theka amakankha khoma ndi mphamvu ya matani awiri ndi theka pa sikweya mita. Amakankhanso kuchokera pansi, kufuna kuchinyamula chipindacho ngati bwato. Mbali imeneyi ndi imene ambiri amaiiwala.

Kontena: yokopa maso, yoopsa m'dzenje

Ndiyambire pa kontena chifukwa ndi imene imabwera msanga m'mutu. Timaiona itasanduka golosale, ofesi, mosungira simenti pamalo omanga. Ndi yachitsulo, ili ndi zitseko kale, mukhoza kuigula lero mawa n'kuitsitsira m'dzenje. Munthu amati, chinthu chowoloka nyanja chitasenza makontena anzake asanu ndi awiri pamwamba, dothi lingachitani?

Apa ndi pamene pali msampha. Mphamvu ya kontena ili m'nsanamira zinayi za m'makona ndi m'chitsulo cha pansi. Akamazisanja pasitima, kulemera konse kumatsika kudzera m'makonamo, denga silisenza kanthu. Makoma ndi denga ndi chitsulo chopyapyala cha mamilimita awiri kapena kucheperapo, ntchito yake kutchinga mvula ndi mphepo basi. Poyesa denga la kontena kufakitale amangoikapo makilogalamu 300 pa kamalo kakang'ono, kuyerekeza anthu awiri atakwerapo akugwira ntchito. Tsono kontena ya mamita 6 ili ndi denga la masikweya mita pafupifupi 15. Dothi la mita imodzi pamenepo ndi matani oposa 25. Denga limawerama, makoma aatali aja amapindikira m'kati pang'onopang'ono, zitseko zimayamba kukana kutseguka. Sizichitika tsiku limodzi ayi. Zimadikira mvula yachiwiri kapena yachitatu, mwina inu muli m'katimo.

Onjezani za madzi. Kontena yomweyo imatenga malo okwana makiyubiki mita pafupifupi 38, koma yokha imalemera matani awiri ndi pang'ono. Madzi a m'nthaka akakwera mpaka kudenga, akuinyamula ndi mphamvu ya matani 38. Chitsulo chakenso, chotchedwa Corten, chimapirira dzimbiri chikamanyowa n'kuumanso pamphepo. Mukachikwirira m'dothi losauma, khalidwe limenelo limatha, chimadyeka ngati chitsulo china chilichonse.

Ena amati, ndiizinga ndi konkire ndi zitsulo. Zimatheka, koma mukafika pamenepo mwamanga chipinda cha konkire, kontena ija yangokhala chikombole chodula chimene chidzachite dzimbiri m'kati mwa khoma lanu. Ndalama yogulira kontena ndi kulipira kireni ikanagula matumba ambiri a simenti. Kwa ine kontena ikhale pamtunda pomwe inapangidwira.

Chitsulo chomwecho, koma chopindidwa

Chodabwitsa n'chakuti chitsulo chopyapyala chimagwira bwino ntchito pansi pa nthaka chikakhala chozungulira. Umboni wake waukulu uli ku Britain. Nkhondo yachiwiri yapadziko lonse itayandikira, boma linakonza kachipinda kotchedwa Anderson, potengera dzina la Sir John Anderson amene ankayang'anira zoteteza anthu ku mabomba a ndege. Kanali ka malata ochindikala okutidwa ndi zinc, opindidwa ngati uta n'kumangidwa ndi mabawuti pamwamba. Ankakakwirira mita imodzi ndi pang'ono m'dimba la kuseri kwa nyumba, pamwamba n'kuthirapo dothi losachepera masentimita 38. Munkalowa anthu asanu ndi mmodzi. Kuyambira Febuluwale 1939 mpaka nkhondo kuyamba anagawa tizipinda pafupifupi 1.5 miliyoni, ndipo m'kati mwa nkhondo anawonjezera 2.1 miliyoni. Mabanja opeza zochepa ankalandira ulere, ena ankagula pa mapaundi 7. Ambiri anadzala ndiwo zamasamba padothi la pamwambalo.

Tizipindati tinapulumutsa anthu ambiri ku mphepo ya bomba ndi zidutswa zouluka, chifukwa malata opindidwa amagonja pang'ono osathyoka, ndipo dothi lozungulira limathandizana nawo kusenza. Koma dandaulo la eni ake linali limodzi kulikonse: madzi. Mvula ikagwa m'kati munkadzaza, m'nyengo yozizira munkazizira koopsa, mpaka anthu ena anasankha kugona m'nyumba zawo, bomba ligwe lisagwe.

Mdzukulu wa Anderson masiku ano ndi paipi yaikulu yamalata, yofanana ndi ija amaika pansi pa msewu kuti madzi azidutsa, anthu amati kalavati. Ku America makampani ogulitsa zipinda zobisalamo amagwiritsa ntchito mapaipi otere a mamita atatu m'mimba mwake, n'kuyala matabwa m'kati kuti pansi pakhale posalala, kunsi kwa matabwawo n'kukhala mosungira madzi ndi chakudya. Paipi imene imapirira mathiraki odutsa pamwamba pake singaope dothi la mita imodzi kapena awiri.

Chinsinsi chake chili pa kukwirira. Paipi yotere payokha ndi yofewa, mphamvu imaibwereka ku dothi la m'mbali. Mufunika mchenga kapena miyala ing'onoing'ono, kuthira masentimita 15 kapena 20, kutsendera, kuthiranso, mbali zonse ziwiri zizikwera limodzi. Mukangokankhira dothi lonse ndi katapila tsiku limodzi, paipi imaphwatalala ngati dzira lopondedwa. Malo ena ofooka ndi kumapeto kuwiri kumene mumatseka ndi chitsulo chafulati, ndiponso powotcherera khomo. Pamenepa pamafunika zitsulo zolimbitsa ndi wowotcherera wodziwa ntchito yake. Dothi lowawasa kapena lamchere limadya zinc uja, choncho kunja kupakidwe phula. Ndiye pali mtengo wonyamulira: kumene mapaipi a kukula kotere sapangidwa pafupi, thiransipoti yokha ikhoza kuposa mtengo wa konkire.

Konkire ya zitsulo

Maiko amene anaitenga nkhaniyi mwakhama anafika pa yankho limodzi. Switzerland inakhazikitsa lamulo mu 1963 lakuti nyumba zatsopano zizikhala ndi chipinda chobisalamo. Lero kuli zipinda pafupifupi 370,000, zokhala ndi malo okwana anthu ngati 9 miliyoni, kutanthauza pafupifupi aliyense m'dzikomo. Pafupifupi zonse ndi za konkire ya zitsulo, zitseko zake nazonso ndi chitsulo chothiridwa konkire m'kati, ndipo zimamangidwa kuti zipirire kukankha kwa matani 10 pa sikweya mita. Munthu mmodzi amamuwerengera sikweya mita imodzi ya pansi. Masiku a mtendere anthu amasungiramo vinyo, njinga ndi katundu wakale. Albania nayo, m'nthawi ya mtsogoleri wake Enver Hoxha, inamwaza ma bunker a konkire oposa 170,000 m'minda, m'mapiri ndi m'mbali mwa nyanja. Adani amene ankawaopa sanabwere, koma zimphika za konkirezo zilipobe, alimi amazilambalala polima chifukwa kuziphwanya ndi ntchito yaikulu.

Konkire imapambana pa zifukwa zitatu zogwirizana. Payokha imapirira kupanikizidwa, zitsulo za m'kati zimagwira pamene khoma likufuna kupindika, ndipo kulemera kwake kumalimbana ndi madzi ofuna kunyamula chipinda. Tiyeni tiwerengere chipinda cha mamita 3 kwa 4 m'kati, chotalika mamita 2.2, makoma, pansi ndi denga zonse zochindikala masentimita 25. Konkire yake ndi makiyubiki mita pafupifupi 16. Pa matumba 7 a simenti a makilogalamu 50 pa kiyubiki mita iliyonse, mufunika matumba oposa 110, osawerengera otayika. Chipindacho chilemera matani pafupifupi 39. Taonani tsono: malo amene chatenga m'nthaka ndi makiyubiki mita 42 ndi theka. Ndiye kuti madzi atakwera mpaka kudenga dothi la pamwamba lisanathiridwe, ngakhale chimwala chimenechi chikhoza kusuntha. N'chifukwa chake mainjiniya amatulutsa silabu ya pansi kunja kwa makoma ngati phazi, kuti dothi lokwirira liipondereze. Ngati konkire ya matani 39 ikufuna thandizo lotere, ganizirani kontena ija ya matani awiri.

Vuto la konkire ndi anthu oikanda. Tonse tikudziwa mmene zimakhalira pamalo omanga: dzuwa likawawa, anyamata amawonjezera madzi kuti fosholo ipepuke, thumba limodzi limatambasulidwa pa mawilibala ambiri, mchenga umabwera wosakanikirana ndi matope. Pakhoma la mpanda mukhoza kupulumuka nazo. Pansi pa nthaka madzi owonjezera aja akauma amasiya timabowo, chinyontho chimalowa, chikafika pa zitsulo dzimbiri limatupa n'kusenda konkire. Muyezo wa 1:2:4 (simenti, mchenga, miyala) umene ambiri anauzolowera ndi wochepa pa ntchitoyi. Pafunika 1:1.5:3 kapena kuposa, simenti wamphamvu wolembedwa 42.5 pathumba, miyala ya kwale yoyera, madzi ochepa, ndi makina ogwedeza konkire kuti isasiye mapanga. Zitsulo zikhale masentimita 5 kuchokera kunja kwa khoma kumbali ya dothi, zisagone pa matabwa. Mukathira, muzithirira madzi sabata yathunthu, ndipo musakwirire kapena kusenzetsa denga masiku 28 asanakwane. Kukula kwa zitsulo ndi kutalikirana kwake, kaya ndi Y12 kaya Y16, awerengere injiniya ataona dothi lanu. Izi si zofunsa mnzanu amene anamangapo sepitiki thanki.

Pamene madzi amakonda kulowera ndi polumikizira: pamene silabu ya pansi yakumana ndi khoma, kapena pamene munasiyira dzulo n'kupitiriza lero. Pamenepo pamaikidwa lamba wa labala kapena wa PVC wolowa mbali zonse ziwiri. Kunja konse kupakidwe phula kapena kumatidwe chinsalu chaphula, ndipo m'munsi mwa makoma muzungulire paipi yobooledwa yokwiriridwa m'miyala, yotulutsira madzi kumalo otsika. Chotchinga madzi chimaikidwa kunja nthawi zonse. Penti wopaka m'kati madzi amangomukankha n'kumusenda.

Palinso makalavati a konkire amakona anayi oumbidwa kale kufakitale. Ubwino wake ndi wakuti konkire yake inasakanizidwa ndi kuumitsidwa mwa muyezo, osati mwa maso. Mumawalumikiza angapo n'kutseka kumapeto. Koma pafunika kireni ndi msewu woti thiraki ifike, ndipo polumikizira paliponse ndi pakhomo pa madzi.

Njerwa ndi mabuloko

Funso limene bilidala wa kwathu angafunse ndi ili: nanga njerwa zalakwa chiyani? Sizinalakwe, kungoti zili ndi khalidwe lake. Njerwa imapirira kupanikizidwa koma siipirira kukokedwa. Khoma lowongoka likakankhidwa ndi dothi kuchokera kumbuyo, nkhope yake ya m'kati imakokedwa, ndipo limang'ambika motsata mizere ya matope. Mu 1940 boma la Britain linamanga zipinda zambiri zanjerwa m'misewu, zofoleredwa ndi silabu ya konkire. Simenti anali wosowa, zina zinamangidwa ndi matope ofooka, ndipo bomba likaphulika pafupi makoma ankagwa, silabu n'kutsikira pa anthu. Anthu anasiya kuzikhulupirira. Kwa ife amene tikukhala m'chigwa chachikulu chong'ambika cha Africa, chivomezi chimachita zofananazo. Zivomezi za ku Karonga mu Disembala 2009 zinaonetsa mmene khoma la njerwa lopanda zitsulo limagwera.

Koma pindani khomalo likhale lozungulira, nkhani imasintha. Chitsime chomangidwa ndi njerwa chimakhala zaka zambiri chifukwa dothi likamakankha, njerwa zimangopanana. Ngalande zazikulu za zonyansa zimene injiniya Joseph Bazalgette anamanga pansi pa London cha m'ma 1860 ndi za njerwa ndi simenti, zozungulira, ndipo zikugwirabe ntchito. Matanki okwiriridwa a biogas, mpweya wophikira wochokera ku ndowe, nawonso amamangidwa ndi njerwa ngati mphika wovundikira. Choncho chipinda chaching'ono chozungulira, cha njerwa zopsa bwino, chokhala ndi denga lamphika, chikhoza kusenza dothi popanda vuto. Chimafuna mmisiri wodziwa kumanga uta, ndipo amenewa ndi osowa. Njerwa zimamwanso madzi ngati siponji, ndiye pulasitala ndi phula zakunja siziyenera kuperewera. Zidina zosaotcha musaziyerekeze n'komwe. Kumbukiraninso kuti ku Malawi malamulo a 2018 analetsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomanga za boma ndi zamalonda pofuna kuteteza mitengo.

Mabuloko a simenti amabowo ali pakatikati. Opanda kanthu m'kati ndi ofooka kuposa njerwa pa kukankha kwa m'mbali. Mukaimika zitsulo m'mabowo, zochokera m'silabu ya pansi mpaka kukapindikira m'denga, kuyala zina zopingasa pa mizere ingapo iliyonse, n'kudzaza mabowo onse ndi konkire, mwapeza khoma loyandikira ku konkire yeniyeni popanda kugula matabwa ambiri oumbira. Kwa munthu wa thumba lochepa, pamalo ouma, iyi ndi njira yomveka. Chenjerani ndi mabuloko a m'mbali mwa msewu aja amene mukawakanda ndi chala mchenga umayoyoka.

Zopepuka ndi zongoyembekezera

Ku Oklahoma ndi madera ena a America komwe kumawomba akamvuluvulu oopsa, anthu amagula tizipinda topangidwa kale ta fibreglass (pulasitiki yolimbitsidwa ndi ulusi wagalasi), ta chitsulo kapena ta konkire, n'kukwirira pabwalo kapena pansi pa galaja. Kamvuluvulu wa pa 20 Meyi 2013 atapha anthu 24 m'tauni ya Moore, ambiri anathamangira kukagula. Muyezo wa kumeneko, ICC 500, umafuna kuti chipinda chipirire mphepo ya makilomita 400 pa ola, ndipo chitseko chake amachiwombera ndi thabwa la makilogalamu pafupifupi 7 louluka pa makilomita 160 pa ola. Fibreglass siichita dzimbiri, siidontha, ndipo imakwiriridwa tsiku limodzi. Chilema chake ndi kupepuka komweko. Mvula yamphamvu ikanyowetsa nthaka, tizipinda tosamangiriridwa bwino ku konkire timatumphuka m'dothi ngati mpira. Makande, dothi lakuda lotupa likanyowa ndi kung'aluka likauma, limakhozanso kutifinya mpaka kung'ambika.

Mitengo ndi matumba a dothi ndi zomangira za asilikali m'maenje ankhondo: zimapezeka pomwepo, zimamangika msanga, zimatchinga zidutswa za bomba. Ndi za miyezi, osati zaka. Kwathu kuno chiswe chimamaliza nkhaniyo mvula isanathe kawiri, ndipo kumene chiswe chasiya, kuwola kumapitiriza.

Pali malo ena amene nthaka yokha ndiyo chomangira. Helsinki, likulu la Finland, linakhala pa thanthwe lolimba, ndipo lili ndi zipinda zobisalamo zokwana anthu 900,000, kuposa okhala mumzindawo, zikuluzikulu mwa izo zobooledwa m'thanthwemo. Zina masiku onse ndi mabwalo amasewera ndi malo oimika magalimoto, ndipo ku Itäkeskus, dera lina la mzindawo, kuli dziwe losambiramo m'kati mwa thanthwe. Ku Cu Chi, pafupi ndi Saigon (lero Ho Chi Minh City) ku Vietnam, m'nthawi ya nkhondo asilikali anakumba ndi makasu ngalande za makilomita pafupifupi 250 m'dothi lofanana ndi katondo, lofewa likanyowa koma louma ngati njerwa. Zinaima chifukwa zinali zopapatiza kwambiri, zongokwawamo munthu mmodzi, ndi zokhota pamwamba. Musatengerepo kuti mukhoza kukumba chipinda chachikulu m'katondo n'kuchisiya chopanda chochirikiza. Ngakhale dzenje lomangiramo lokha, likapitirira msinkhu wa m'chiuno, m'mbali mwake muyenera kupendeketsedwa kapena kuchirikizidwa, chifukwa dothi logumuka silipereka mpata wothawa.

Kwa amene nkhawa yawo ndi fumbi la nyukiliya, pali mfundo imodzi yotonthoza. Mphamvu ya cheza chake imatsika ndi theka ikadutsa masentimita pafupifupi 9 a dothi lotsenderedwa, 6 a konkire, kapena 28 a thabwa. Dothi la masentimita 90 limaitsitsa ndi theka kakhumi, kutanthauza kuti chofika kwa inu ndi gawo limodzi mwa 1,000. Chitsulo chopyapyala cha kontena kapena paipi sichitchinga kanthu. Chotchinga chenicheni ndi dothi, lomwe ndi laulere, ndipo ntchito ya chomangira chanu ndi kulisenza kuti lisakugwereni.

Mmene ine ndingasankhire

Pamalo okwera, a dothi lotaya madzi msanga, ndalama zilipo: konkire ya zitsulo yothiridwa pomwepo, injiniya atajambula ndipo khonsolo itavomereza. Ndalama zikachepa, mabuloko odzazidwa ndi zitsulo ndi konkire, chipinda chichepe koma denga likhale silabu yeniyeni. Paipi yamalata ndingaitenge pokhapokha ikupezeka pafupi ndipo ndili ndi anthu oti atsendere dothi moleza mtima. Njerwa, chipinda chikhale chozungulira. Fibreglass, kokha kumene kuli kampani yodziwa kuimangirira.

Chomangira chilichonse mwa izi sichilowetsa mpweya chikakhala kuti chamangidwa bwino. Pafunika mapaipi awiri, wolowetsa ufike pansi, wotulutsa ukhale pamwamba, ndi makomo awiri otalikirana kuti limodzi likatsekeka ndi zogumuka mutulukire linalo. Mbaula yamakala kapena jenereta m'chipinda chotere zimapha mwakachetechete, munthu akungomva tulo. Popanda mpweya woyenda, chuku chimadya zofunda ndi chakudya m'miyezi yochepa.

Ndipo pali malo amene yankho lake ndi lakuti musakumbe. Namondwe Freddy, mu Malichi 2023, anapha anthu mazanamazana kummwera kwa Malawi, ndipo chimene chinawatenga ambiri si mphepo koma madzi ndi matope otsika m'mapiri, monga zinachitikira ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche. Pa tsoka lotere chipinda cha pansi chimadzaza poyamba, chitseko n'kutsekeredwa ndi miyala. M'dambo, m'chigwa cha Shire, m'mphepete mwa mtsinje kapena m'tsinde mwa phiri, ndalama yomweyo ikamange chipinda cha konkire pamtunda, pamalo okwera.

Musanagule ngakhale thumba limodzi la simenti, kumbani dzenje laling'ono lakuya mamita atatu pamalo pomwe mukufuna kumanga, mulitchinge bwino ana ndi ziweto zisagweremo, mulisiye lidutse dzinja lonse. Muzikasuzumira mu Januwale, mu Febuluwale ndi kumapeto kwa Malichi, n'kumalemba pandodo pamene madzi afika. Funsaninso a nyumba zoyandikana kuti zitsime zawo zimadzaza mpaka pati mvula ikachuluka. Ndodo imeneyo ndiyo mupite nayo kwa injiniya.